Mtengo wa Thukuta la Mlendo

Linali Lachitatu madzulo m'mwezi wa Malichi chaka cha 2024, nditangofika pakhomo kuchokera kuntchito kuno ku Balaka, pamene foni yanga inalira. Anali mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene ndinamulipirira fizi kuchokera fomu 1 mpaka pamene anatenga dipuloma yake ya zowerengera ndalama. Mawu ake ankamveka ngati a munthu amene watola chikwama pamsewu koma akuopa kuchitsegula.

"Amalume, kuja ndinapita ku intavyu kuja anditenga. Koma akuti azindipatsa K130,000 pa mwezi. Ndawerengetsa lendi, chakudya ndi thiransipoti, sizikukwana. Kodi ndiwapemphe kuti awonjezereko, kapena ndingosayina?"

Ndinamuyamikira, kenaka ndinamuuza kuti adikire kuche. Zoona zake n'zakuti ndinalibe yankho. Ine ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa makumi awiri, koma palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinakhalapo pansi ndi wondilemba ntchito kukambirana za malipiro anga. M'boma munthu amalowa pa giredi, ndipo giredi imabwera ndi ndalama zake zolembedwa kale. Udindo wako n'kusayina basi. Choncho funso la mwanayu linandipeza ndili chimanjamanja, ndipo usiku umenewo tulo tinandithawa. Kodi munthu amene sanagwirepo ntchito ali ndi ufulu wotchula mtengo wa thukuta lake? Kapena kutero n'kudzikweza ndiponso kusayamika?

M'mawa mwake ndinayamba ndaimbira mayi anga kumudzi, kwa Ngokwe, m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta. Iwo sanachedwe n'kuyankha. "Mwana amene sanagwirepo ntchito atchula mtengo wa chiyani? Muuzeni alandire ndi manja awiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo." Mawu amenewa sindingawapeputse. Anachokera kwa munthu amene anaona mdzukulu wake akukhala pakhomo zaka ziwiri, dipuloma ili m'sutikesi, akuthandiza kusinja mpunga ndi kuotcha mandazi. Mayi anga amadziwa kuti njala siyembekeza kuti anthu amalize kukambirana.

Komabe chimene chinandidabwitsa n'chakuti mayi omwewa ndi amene anandiphunzitsa zosiyana ndi zimenezi ndili mwana. Bambo anga anali msodzi wa miono ndi matchera pa Chiuta. Nsomba zikauma, makumba ndi milamba, ndinkatumidwa kukagulitsa pamsika wa Ntaja. Tsiku loyamba kupita ndekha ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Munthu wina wopikula atandiona kuti ndine mwana anatchula mtengo wake, ine n'kuvomera nthawi yomweyo, n'kubwerera kumudzi ndikunyadira kuti ndagulitsa msanga. Mayi atawerenga ndalama zija anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, wogula akatchula mtengo ndiye kuti wangogogoda pakhomo. Sunayenere kumupatsa nyumba yonse. Nsombazo zinali za mwana kapena za bambo ako? Kodi mlamba umachepa chifukwa wanyamulidwa ndi mwana?" Funso limenelo ndakhala nalo mpaka lero.

Taganizani inunso, owerenga, za moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. Amalawife timanenerera chilichonse. Timanenerera tomato, kaunjika, mbuzi, ngakhale mtengo wa kabaza. Wogulitsa sakwiya, wogula sachita manyazi, ndipo pamapeto pake amasiyana akuseka, mwina ndi basela pamwamba. Ganyu nayenso ndi chimodzimodzi. Mnyamata amene sanagwirepo ganyu chibadwire akafika pamunda wa munthu amayamba wayendera ndime, kuwerenga mizere, kuona ngati udzu wake ndi wa nsenjere kapena wofewa, kenaka n'kunena kuti, "Apa ndalama mwatchulayo yachepa." Palibe amene amamufunsa kuti wapalirapo minda ingati. Onse awiri amadziwa kuti chimene chikugulidwa ndi ndimeyo, ndipo mtengo wake uyenera kulingana ndi kukula kwake.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu yemweyo akavala taye ndi kulowa mu ofesi lilime limauma? Sikuti anthu a kwathu ndi amantha. Cha m'ma 1995 asodzi a pa Chiuta anagwirizana n'kuthamangitsa anthu obwera amene ankakokolola nsomba ndi makoka a nkacha, ndipo anakhazikitsa makomiti awo a m'madooko osadikira kuti wina awauze. Anthu otere sungawatche ogona. Ine ndimaganiza kuti vuto lili pa mmene ntchito yolembedwa inafikira m'dziko muno. Inafika ndi bwana amene mawu ake anali lamulo. M'minda ya azungu ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje makolo athu ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, ndipo nkhanza za mchitidwe umenewu n'zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Dziko litalandira ufulu mu 1964, tinakhalanso zaka makumi atatu m'nyengo imene kufunsa funso kunkaoneka ngati kugalukira. Mibadwo itatu kapena inayi inaphunzira kuti ntchito ndi mphatso yochokera kwa wamkulu, ndipo wolandira mphatso safunsa kulemera kwake. Maganizo amenewa ndi amene tikupatsira ana athu mosazindikira.

Koma kodi ntchito ndi mphatso? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mphatso ndi chinthu chimene munthu amakupatsa osayembekeza kanthu. Wolemba ntchito, ngakhale akhale wokoma mtima chotani, amayembekeza kuti ufike 7:30 m'mawa, uweruke madzulo, mabuku ake a ndalama akhale olongosoka. Akugula nthawi yako, nzeru zako ndi mphamvu zako. Kumeneku n'kusinthana, ndipo pakusinthana mbali zonse ziwiri zili ndi pakamwa. Kuthokoza n'koyenera, pakuti mwa anthu ambiri wasankha iweyo. Koma kuthokoza ndi kukhala chete n'zinthu ziwiri zosiyana. Wogulitsa nsomba amathokoza kasitomala amene waima pa benchi yake kusiya mabenchi ena, koma sizitanthauza kuti amupatse nsomba pa mtengo uliwonse.

Tsono ena adzati: zimenezo n'zoona kwa munthu amene ali ndi luso loonekera, nanga uyu wongochoka kumene kusukulu ali ndi chiyani choti agulitse? Funsoli ndi lolemera ndipo sindikufuna kulizemba. N'zoona kuti munthu watsopano amalakwitsa, amachedwa, ndipo pamafunika wina womulondolera. Wolemba ntchito amataya nthawi pomuphunzitsa, ndipo mwina akangodziwa ntchito amathawira kwina. Choncho n'chilungamo kuti amene wagwira zaka khumi alandire zoposa amene wayamba dzulo. Mwana amene angafike pa intavyu n'kufuna malipiro a mkulu wa ofesi ndiye kuti sadziwa malire ake, ndipo ameneyo tingamudzudzule.

Koma malipiro ali ndi nkhope ziwiri. Nkhope yoyamba imayang'ana phindu limene munthu akubweretsa, ndipo pamenepa zaka za pantchito zili ndi mawu. Nkhope yachiwiri imayang'ana zimene munthu akufunikira kuti mawa adzuke ndi mphamvu n'kubweranso kuntchito komweko. Pamenepa zaka za pantchito zilibe mawu ngakhale pang'ono. Mwini nyumba satsitsa lendi chifukwa wobwereka ndi watsopano pantchito. Wogulitsa chimanga pamsika wa Balaka safunsa kuti uli ndi ekisipiriyensi yotani. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse, ndipo mitengo ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira inakwerera aliyense mofanana, wakale ndi watsopano yemwe. Luso la zaka zambiri lingakweze denga la malipiro, koma kusowa kwake sikuyenera kugumula maziko.

Malamulo a dziko lino nawonso amavomereza zimenezi. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera, ndiponso malipiro ofanana pa ntchito yofanana. Lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000 limapatsa nduna mphamvu yoika malipiro otsikitsitsa, ndipo mu Febuluwale 2024 malipiro amenewa anakwezedwa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi. Lamulo lomwelo limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito wake chikalata chofotokoza malipiro ndi zina zokhudza ntchitoyo, komanso limati nthawi ya pulobeshoni isapitirire miyezi khumi ndi iwiri. Palibe paliponse pamene malamulowa amati ufulu umenewu umayamba munthu akakwanitsa zaka zakutizakuti pantchito. Umayamba tsiku loyamba.

Ngakhale zili choncho, ndikanakhala wabodza ndikanauza mwana wa mlongo wanga kuti palibe choopsa. Chilipo. Ambiri tikukumbukira zimene zinachitika mu Juni 2020, pamene unduna wa zaumoyo unaitana anthu ku maintavyu a ntchito za alangizi a zaumoyo. Anthu zikwizikwi anakhamukira m'malo ochitira maintavyuwo, ndipo ku Mzuzu ambiri anavulala popondana. M'dziko lotere wolemba ntchito amadziwa kuti kuseri kwa chitseko kuli mzere wautali, ndipo wina mumzeremo angavomere theka la ndalama zimene iwe ukuzikana. Pamsika wa Ntaja ndikanakana wopikula woyamba, wachiwiri akanabwera. Pamsika wa ntchito wachiwiriyo mwina angadzabwere patapita zaka ziwiri. Uku ndiye kusiyana kwake, ndipo n'chimene mayi anga ankaona. Kukhala ndi ufulu wofunsa sikutanthauza kuti nthawi zonse kufunsako kudzakupindulira.

Nditasinkhasinkha zonsezi ndinaona kuti funso lenileni silinali loti afunse kapena asafunse. Linali loti afunse motani, kuti asataye ulemu wake komanso asatsekereze khomo limene lamutsegukira. Ndipo pano pali nkhani ina ya chikhalidwe imene achinyamata ambiri amapunthwa nayo. Anzake ena anamulangiza kuti akanene kuti kampani ina yamulonjeza ndalama zochuluka. Ndinamuletsa. Munthu amene akupita kukasunga mabuku a ndalama za eni ake sangayambe ubale wake ndi bodza. Bodzalo likagwira ntchito, waphunzira kuti bodza limalipira. Likaululika, wataya chinthu chokhacho chimene munthu watsopano ali nacho chochuluka, chomwe ndi kukhulupirika. Wopanda mbiri ya pantchito mbiri yake imayamba kulembedwa pa mawu ake oyamba.

Zimene ndinamuuza zinali zochepa. Choyamba, ayambe wathokoza ndi kunena momveka kuti ntchitoyo akuifuna. Chachiwiri, afunse kuti amvetse: kodi K130,000 imeneyo ndi yolowa m'thumba kapena asanadule? Pajatu lamulo la penshoni limafuna kuti wantchito azidulidwa 5 pa 100 aliwonse, wolemba ntchito n'kuikapo 10, ndipo ambiri amadzidzimuka nazo pa malipiro oyamba. Safunsa anadya phula. Chachitatu, afufuze kwa anzake amene anaphunzira nawo kuti ntchito yotere ena akulipira zingati, kuti mtengo umene atchule ukhale ndi potsamira. Chachinayi, ngati sangawonjezere lero, apemphe kuti zilembedwe m'kalata kuti pulobeshoni ikatha adzaonanso malipiro ake. Ndipo chomaliza, adziwiretu mumtima mwake asanalowe mu ofesimo kuti akakana zonse adzachita chiyani. Ndinamuuza kuti akasankha kulandirabe, palibe manyazi. Kuvomera zochepa utadziwa ndi utayesa n'kosiyana kwambiri ndi kuvomera chifukwa choopa kutsegula pakamwa.

Nditamaliza kulankhula naye ndinamva bwino mumtima, ngati munthu amene wagamula mlandu mwanzeru. Koma chimwemwe changa sichinakhalitse. Ndili pakhonde, ndinaona mnyamata amene amatithandiza ntchito zapakhomo akutsuka njinga yanga. Mnyamatayu ndinamutenga kwathu konko ku Chiuta atalephera kupitiriza sukulu. Ndinakumbukira tsiku limene anafika. Ndinamufunsa kuti ndizimupatsa zingati, ndipo iye atagwira chipewa chake m'manja anati, "Zimene mungathe, bwana. Ine sindinagwirepo ntchito." Ine ndinatchula ndalama yochepa kuposa imene ndinali nditakonza mumtima. Iye anawomba m'manja n'kuthokoza, ine n'kudziuza kuti tagwirizana mwamtendere. Panali patapita chaka ndi miyezi ingapo, kwacha itagwa, koma ndalama ija inali isanasinthe. Pamenepo ndinazindikira kuti wopikula nsomba wa pa Ntaja uja anali ine.

Kuyambira tsiku limenelo ndimaona kuti tikamakamba nkhaniyi timasenzetsa katundu munthu wolakwika. Timafunsa ngati wachinyamata akulakwa kupempha zambiri, koma sitifunsa ngati wamkulu akulakwa kupereka zochepa podziwa kuti mnzakeyo sadziwa mtengo. Pa awiriwa, amene akudziwa zonse ndi wolemba ntchito. Akudziwa ndalama zimene anakonza, akudziwa zimene ankalandira amene anali pampandowo kale, akudziwanso kuti amene wakhala patsogolo pakeyo ali ndi njala. Mgwirizano wa munthu wodziwa ndi munthu wosadziwa, ngakhale usayinidwe ndi kumwetulira, sukhala wachilungamo pokhapokha wodziwayo atasankha kusadyera masuku pamutu mnzake. Mawu akuti "anavomera yekha" ndi chikopa chimene ambirife timabisalako. Inde anavomera, koma akanachitira mwina?

N'chifukwa chakenso chinsinsi chimene timachita pa nkhani ya malipiro chimandikayikitsa. Padooko mtengo wa nsomba umatchulidwa mokweza, ndipo ngakhale mwana amaumva, kotero n'kovuta kumupusitsa kawiri. Koma ife ogwira ntchito timabisa malipiro athu ngakhale kwa ana athu, ngati kuti ndi matenda ochititsa manyazi. Zotsatira zake n'zakuti mwana amapita ku intavyu osadziwa ngati ndalama imene wauzidwa ndi yabwino kapena yachipongwe. Chinsinsichi sichiteteza wantchito. Ife amalume, azakhali ndi achimwene amene tinalowa kale pantchito tili ndi ngongole kwa amene akubwera m'mbuyo mwathu, yowauza zoona za mitengo ya pamsika umenewu.

Mwina mukufuna kudziwa mmene zinathera. Mtsikana uja anapita Lachisanu. Anandiuza kuti miyendo inkagwedera, ndipo mawu oyamba anatuluka ngati a mwana wa sitandade 1. Bwanayo anavula magalasi n'kumuyang'ana, kenaka anati pa malipiro sangasinthe kanthu chifukwa bajeti inapangidwa kale. Koma anavomera kumupatsa kandalama ka thiransipoti mwezi uliwonse, ndiponso analemba m'kalata kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi adzakambirananso. Sizinali zambiri. Lendi inapitiriza kumuvuta, ndipo miyezi ina ndinkamutumizirabe ufa. Sindinganene kuti aliyense amene angayese adzapeza zomwezo, pakuti alipo mabwana ena amene funso lokhalo limawakwiyitsa. Koma chimene ndinaona mwa iye atabwerako chinali china. Ankalankhula za ntchito yake ngati munthu amene wachita pangano ndi munthu mnzake, osati ngati wotoledwa pamsewu.

Mwezi womwewo ndinamuitana mnyamata wa pakhomo uja n'kumuuza kuti tikhale pansi tikambirane za malipiro ake. Anachita mantha poganiza kuti ndikufuna kumuchotsa ntchito. Nditamuuza kuti atchule yekha ndalama imene akuona kuti ingamukwanire, anakhala chete nthawi yaitali akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Ndinadikira. Potsiriza anatchula, ndipo ndalama imene anatchulayo inali yochepabe poyerekeza ndi imene ntchito yake inkayenera. Ndinamupatsa yoyenerayo, ndipo ndinamufotokozera chifukwa chake, kuti tsiku lina akadzapita kwina adzadziwe potchulira.

Pa Khirisimasi chaka chimenecho tonse tinapita kumudzi. Mtsikana uja anagulira agogo ake chitenje ndi shuga kuchokera pa malipiro ake. Madzulo tili pabwalo, mphepo ya kunyanja ikuwomba, ndinawakumbutsa mayi za nsomba za pa Ntaja zija, ndi funso lawo lakuti kodi mlamba umachepa chifukwa wanyamulidwa ndi mwana. Anaseka mpaka kutsokomola. "Zimenezo zinali nsomba," anatero. Ine ndinati, "Nanga thukuta la mdzukulu wanuyu n'lotsika mtengo kuposa nsomba?" Sanandiyankhe. Anangotenga chitenje chija n'kuchifunyulula pamiyendo, n'kufunsa mdzukulu wawo kuti anagula ndalama zingati, ndiponso ngati ananenerera.